Kachilombo ka majekete 200, ine limodzi

Sabata yatha mwana wanga wachisamba anadzuka akulephera kumeza ngakhale phala, thupi lili ngati mbaula. Ndinavala jekete langa, lija la pakaunjika lomwe ndinakwatirira, lomwenso ndimapitira kumaliro ndi kokagulitsa fodya, n'kuimitsa kabaza kuti titsike zitunda za kuno ku Nachisaka. Mnyamatayo anati mtengo wakwera chifukwa cha mafuta. Ndinayang'ana njingayo: yakapalasa.

"Mafuta ake ati, achimwene?"

"Ophikira, bambo. Injini ndi ineyo."

Pachipatala china, chomwe sinditchula poti ndidzafunikanso kupitako, adokotala anaunika kukhosi kwa mwana ndi tochi ya foni n'kuti akukayikira Streptococcus. Ndinafunsa ngati ameneyo ndi Mgiriki wa kuesiteti ya fodya. Anati dzinalo n'lachigiriki ndithu, koma mwini wake ndi bakiteriya wa gulu A, potsata mmene mayi wina wa ku America, Rebecca Lancefield, anawagawira m'magulu mu 1933. Analemba penisilini wa masiku 10 m'buku, kenaka mawu aja timawadziwa tonse: "Kuno atha, mukagule."

Poti mankhwala panalibe, anandipatsa maphunziro. Kachilomboka, akuti, kamavala chovala chotchedwa M protein, ndipo malinga ndi majini ake, zovalazi zilipo mitundu yoposa 200. Asilikali a m'thupi amazindikira mbava poona jekete. Akaloweza lobiriwira, chaka chamawa mbava ikubwera ndi labuluu, ngati phungu chisankho chikangotha. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe katemera wake sanapezekebe.

Majekete 200! Ine munthu wandevu, wa ana anayi, wodulidwa msonkho pa belo lililonse, ndili nalo limodzi, mabatani ake atatu osafanana. Kanthu kosaoneka ndi maso, kopanda munda, kopanda ngakhale kuponi ya feteleza, kakundiposa wadirobu. Mayi akunyumba nditawafotokozera anangoti, "Kali ndi khama, osati anthu ena."

Ndiye majeketewo ali ndi matumba. Mwina muli poizoni wotulutsa tizidzolo thupi lonse, mwina wochititsa asilikali a m'thupi misala mpaka munthu kukomoka. Majini ena opangira poizoniyo kamachita kupatsidwa ndi mavairasi omwe amakalowa ikonso, ndiye kuti nako kali ndi abale a ku Joni otumiza katundu. Ku Britain mu 2019 akatswiri analengeza za mtundu wa M1UK: jekete lakale lomwelo la M1, koma matumba akuya, poizoni wochuluka kuposa wa makolo ake. M'thumba la langa muli chibowo ndi lisiti la ngongole.

Chomwe chinandikhudza n'chakuti nsalu ya majekete ena imafanana ndi minofu ya mtima. Asilikali aja, posaka mbava, amayamba kukutumula mwini nyumba. Izi sindinafune kufotokozeredwa kawiri. Chaka china achitetezo cha m'mudzi anandipana usiku chifukwa wakuba mbuzi anavala jekete longa langa. Tinagula pa belo limodzi la kaunjika, mwachionekere. Anapepesa m'mawa, koma nthiti sizimva chipepeso.

Mtima wa mwana nawo sumva chipepeso. Zilonda zapakhosi zomwe timangoti "amwe madzi a mandimu" zikabwerezabwereza, mavavu a mtima amaonongeka, mwana wa zaka 12 n'kumapuma movutika ngati gogo pachitunda. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaunika ana 1,450 ku Lilongwe n'kupeza kuti atatu mwa 100 alionse anali kale ndi zizindikiro za nthenda ya mtimayi mwakachetechete. Chotsatira ndi jakisoni mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, kapena kudikira dzina pamndandanda wa opita ku India. Chondikwiyitsa n'chakuti kachilomboka, ndi majekete ake onsewo, sikanaphunzirebe kukana penisilini, mankhwala akale ngati agogo anga. Sikakutigonjetsa ndi nzeru. Kakutigonjetsa ndi shelefu yopanda kanthu, pomwe akuluakulu akusintha masuti pamisonkhano yokambirana za umoyo kunyanja.

Mankhwala ndinagula, mwana akumeza nsima tsopano. Jekete lili kwa mwini golosale ngati chikole mpaka fodya adzagulidwe. Mukandiona pamaliro ndi malaya okha, chonde musafunse.