Chikomekome cha Mpeni wa ku Kamwala

Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iwo ankachenjeza anyamata ofuna banja, koma akanadutsa lero mumsika wa Kamwala n'kuona mipeni yopinda itayalidwa, yonyezimira mpaka munthu kudzionerapo mano, akanadziwa kuti mwambi wawo unapeza ganyu yatsopano.

Mpeni ku komboni ya Chawama ulibe tchuthi. M'mamawa wamasula thumba la malasha, masana walenga mphira ya tayala yomangira katundu pa wilibala, madzulo uli pa michopo. Pakati apo wina wausandutsa sikuludiraiva, wina watsegulira chitini cha penti, ndipo a neba amene anabwereka Lolemba akuti abweza akamaliza kusenda mbuzi. Pa ntchito yotereyi palibe wofunsa za nkhope ya mpeni.

Tiyeni tsono tiung'ambe mkuyuwo. Chitsulo cha mpeni chimafunidwa zinthu zitatu zosamvana: kuuma kuti chisabunthe msanga, kupirira kuti chisabenthuke, ndi kukana dzimbiri. Mukachulutsa kaboni n'kuchiumitsa kwambiri, mpeni umakhalitsa uli wakuthwa, koma tsiku lokumana ndi fupa kapena msomali umatuluka uli ndi magweru. Mukachifewetsa, subenthuka, koma mudzanola m'mawa ndi madzulo. Mankhwala a dzimbiri anawapeza Harry Brearley ku Sheffield mu 1913, pothira kromiyamu m'chitsulo, ndipo lero chitsulo chimatchedwa stainless kromiyamuyo akafika 10.5 peresenti. Choncho mawu oti "Stainless" pampeni angokulonjezani kuti sufiira msanga mvula ikasefukira m'makwalala. Za kudula sanalumbire kanthu.

Nyerere zimagona pamenepo. Wogulitsa amakutsegulirani mpeni kuti khwa! n'kunena kuti, "Bakamba, iyi naifi ni original, ya ku Germany." Mumafika nawo kunyumba, wadula tomato bwinobwino, koma pa chingwe cha nayiloni ukungosisita ngati ukupepesa. Kawirikawiri chimakhala chitsulo cha kaboni wochepa, chosankhidwa chifukwa chimapukutika bwino ndipo n'chotsika mtengo. Zilembo nazo zisakututumutseni. Makina amalemba maina a zitsulo monga D2 kapena 440C pa chitsulo chilichonse chimene aikidwa, safunsa. Ngakhale chitsulocho chikhale chenicheni, ngati kufakitale anachitentha ndi kuchiziziritsa mwachidule, dzina lokhalo silidula kapenta.

Ndiye pali mpeni wina wosakongola, umene agogo athu ankaudziwa bwino: Okapi, wa chigwiriro chathabwa ndi kamphete kokoka potseka. Unayamba kupangidwa ku Solingen, ku Germany, mu 1902, kuti uzigulitsidwa m'maiko a mu Africa amene Germany inkalamulira, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. Okapi wachikale ndi wa chitsulo cha kaboni wamba. Mukadulira ndimu umada, mukauiwala panja usiku umadzuka wofiira. Koma ukabuntha, mumangoukhula pa sitepe ya simenti kapena kunsi kwa kapu yadothi, ndipo madzi a tiyi asanawire wayambanso kumeta cheya cha pamkono. Mbiri yake m'makomboni si yabwino kwenikweni, poti zigawenga nazo zinaukonda, moti kuutulutsa m'bala usiku n'kudziitanira apolisi. Mlandu umenewo ndi wa m'thumba mmene ukukhala, chitsulo chilibe chifukwa.

Mkuyu watsopano wamera pa foni. Mnyamata waonera mavidiyo usiku wonse, m'mawa akulankhula za S30V ndi M390 ngati maina a azilamu ake. Tinene zoona, zitsulo zimenezi n'zabwino. S30V anaipanga a kampani ya Crucible ku America mothandizana ndi Chris Reeve, mmisiri wa mipeni amene anayambira ntchito yake ku South Africa, ndipo muli vanadiyamu 4 peresenti amene amachititsa kuti mpeni uchedwe kubuntha. Nyerere yake imaonekera tsiku lonola. Mwala wamba ndiwo umatha, mpeni uli chibunthire, chifukwa umafuna chonolera cha dayamondi, chimene simukachipeza pa kantemba ka pa Chifundo Road. Komanso mwini wake, pokumbukira ndalama zimene anatulutsa, sangalole kuti ukhudze thumba la simenti. Amautulutsa, anthu n'kuusirira, iye n'kuubwezera m'thumba, kenaka n'kubwereka Okapi wa a neba.

Kwa ine, mpeni wa ntchito yakalavulagaga ukhale wa chitsulo chimene mungachinole nokha ndi zimene muli nazo pakhomo, chouma pakati pa 56 ndi 58 pa muyeso wa Rockwell. Ngati mumadula zouma, monga zingwe, makatoni ndi mphira, tengani wa kaboni, muziupukuta ndi kuudontheza saladi pang'ono. Ngati tsiku lanu limathera m'madzi a nsomba ndi magazi a nyama, funani stainless yodziwika dzina kuchokera kwa wopanga wodziwika: 12C27 kapena 14C28N za ku Sweden, AUS-8 ya ku Japan, ngakhale 8Cr13MoV ya ku China, imene anthu amainyoza koma imagwira ntchito ikatenthedwa bwino.

Musanalipire, utseguleni, muugwedeze pa mfundo yake. Ukamasewera, usiyeni, chifukwa mpeni wopinda ukatseka wokha umatsekera pa zala. Pemphani katoni mudule kangapo pamaso pa wogulitsa, muone ngati nkhope yake isintha. Ndipo chenji yotsalayo, chonde, gulani sikuludiraiva.