Ulemu kwa a Tipeksi

Dziko lino limadziwa kuthokoza. John Chilembwe tinamuika pa ndalama n'kumupatsanso tsiku lake, 15 Januwale. Kamuzu ali ndi bwalo la ndege, damu, chipatala, ngakhale mlatho. Bingu ali ndi bwalo la mpira ku Lilongwe. Koma alipo mkulu mmodzi amene anatigwirira ntchito yoposa ya nduna makumi awiri, ndipo mpaka lero alibe ngakhale kanjira ka fumbi kotchedwa dzina lake. Amangokhala phee m'kabati ya ahedi, pakati pa choko ndi chidindo, chivindikiro chitamatirira. Ndikunena a Tipeksi. Ine ndakhala ndikuvota kuyambira pa referendamu ya 1993, muja tinkasankha pakati pa nyali ndi tambala, ndiye poti akuluakulu akuchita manyazi, ndati ndiimirire ndine ndiwathokoze.

Ndinadziwana nawo kalekale, ndili kalaliki pa kaofesi kena kumudzi kwathu. Masiku amenewo kalata inkalembedwa pa taipi, ndipo ukaphonya chilembo chimodzi pamzere womaliza, bwana ankakubwezera tsamba lonse osakuyang'ana n'komwe. Wotipulumutsa anali kabotolo koyera aka. Unkakakhutchumula kaye, n'kutsegula, kafungo kake n'kukulasa m'mphuno. Kaburashi unkakapukutira pakhosi pa botolo kuti kasadonthe, n'kukhudza pacholakwacho pang'ono pokha, kenaka n'kumauzira ngati mayi akuziziritsa phala la mwana. Wopupuluma ankalemba pasanaume, zilembo n'kumira m'matope oyera, kalata n'kuipa kuposa poyamba. Luso lonse linali pa kudikira.

Si a kuno kwathu ayi. Dzina la Tipp-Ex linachokera ku Germany, koma agogo a mtundu wawo anabadwira ku Dallas, ku America, kumene mayi wina wotaipa pa banki, Bette Nesmith Graham, anatopa ndi kubwereza makalata n'kuyamba kusakaniza penti woyera kukhitchini kwake m'zaka za m'ma 1950. Mayiyo ankangofuna kuteteza ntchito yake. Sanalote kuti tsiku lina mdzukulu wa kabotolo kake adzagwetsa chisankho cha pulezidenti m'dziko la kutsidya kwa nyanja. Chakudza sichiimba ng'oma.

Pa 21 Meyi 2019 ndinalawira tambala woyamba, nditafunda jekete, kukaima pamzere pa sukulu ya pulaimale ya kwathu. Ndinachonga mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, anandipaka inki kuchala, n'kubwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndine bwana wa dziko. Usiku ndinapitanso kukasuzumira pazenera akuwerenga. Aphunzitsi, maso ali psuu ndi tulo, ankawerenga mokweza pa kuwala kwa nyali, oimira zipani akuchonga m'makope mwawo, wina akusinza. Sindinadziwe kuti usiku womwewo, m'malo ambirimbiri m'dziko muno, mnzanga wakale wa ku ofesi uja analinso pa ntchito. Patapita masiku asanu ndi limodzi anatiuza kuti Peter Mutharika wapeza mavoti 38.57 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera 35.41, Saulos Chilima 20.24. Kusiyana kwa awiri oyambawo kunali mavoti pafupifupi 159,000. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC, pansi pa Jane Ansah, linali litalandira madandaulo 147, ndipo chilankhulo chathu chinapindula mawu atsopano, madando. Kenaka mapepala a zotsatira anayamba kuzungulira pa WhatsApp, ali mawangamawanga ngati nkhanga.

Choyamba chimene ndikuwatamandira a Tipeksi ndi mtima wodzipereka. A MEC ananena poyera kuti iwo sanaike tipeksi m'katundu wopita kumalo ovotera. Ndiye kuti anabwera okha. Tandiuzani, ndi Mmalawi uti amene amapita ku ntchito ya boma osaitanidwa, kugwira usiku wonse, osafunsa alawansi, osafunsa ya thiransipoti, osasaina n'komwe pa pepala la obwera? Ife msonkhano wa maola awiri timayamba tafunsa ngati kuli fanta ndi envulopu. Iwowa anafika kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje popanda galimoto la boma ngakhale limodzi.

Chachiwiri ndi chachikulu, ndipo apa ndichedwapo. M'ndale za dziko lino a Tipeksi ndi okhawo amene ntchito yawo imayamba ndi kuvomereza kuti palakwika. Ine ndamvera misonkhano ya zipani zonse, ya chikasu, ya buluu, yofiira, ya lalanje, ya tambala. Sindinamvepo munthu atagwira maikolofoni n'kunena kuti abale anga, apa ndinaphonya. Chimanga chikasowa ndi mvula, mafuta akasowa ndi nkhondo ya kutali, ndalama zikasowa ndi boma lapitalo. Koma pamene pagona a Tipeksi, aliyense amadziwa kuti apa panalembedwa china, wina n'kusintha maganizo. Sadziwa kubisa. Akauma amasiya kachulu, chala chimakamva. Ukalozetsa pepalalo kudzuwa, nambala yakale imaoneka kumbuyo ili tsonga ngati mlendo amene wakana kutsanzika. Akanakhala a Rabala, amene amafufuta n'kuchotsa fumbi lomwe, bwenzi lero tikungonong'onezana m'mabawo kuti chinachake chinachitika. A Tipeksi anasiya phazi paliponse pamene anaponda, moti nkhaniyi itapita kukhoti, oweruza sanavutike kulondola.

Ndisawanamizire zimene sanachite. A MEC ankati kupakako kunali kukonza masamu amene aphunzitsi otopa anaphonya powonkhetsa, ndipo odandaula ankati kunali kusintha mavoti. Khoti silinatchule munthu kuti uyu ndiye anatuma botolo. Linati zolakwika zinali zochuluka ndi zofalikira kotero kuti zotsatirazo sizikanadalirika, powerengeranso mapepala osasainidwa ndi ena ogwiritsidwa ntchito m'malo mwa enieni. A Tipeksi alibe khadi la chipani. Amaphimba 7 mofanana ndi mmene amaphimbira 1. Ngati pali tsankho, lili m'dzanja logwira kaburashi.

Anatiphunzitsanso malamulo, ulere. Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala 2019 mlandu wa chisankhowo unkaulutsidwa pa wailesi, womasulira akutembenuzira m'Chichewa. Mu minibasi kondakitala ankaiwala kutolera ndalama. Anyamata a kabaza, amene ena analekeza sitandade 6, ankatsutsana pa siteji za umboni wolumbirira ndi za ndime za malamulo a dziko, n'kumaitanana kuti mai lodi. Mkazi wanga anayamba kundifunsa mafunso ngati loya: bambo, yankhani inde kapena ayi, ndalama ya ndiwo munapita nayo kuti? Palibe unduna wa zamaphunziro umene unaphunzitsapo anthu ochuluka chotero m'miyezi isanu.

Apa nthabwala ndiziike kaye pansi. Miyezi imeneyo inali ya utsi wokhetsa misozi. Zionetsero zimene ankatsogolera omenyera ufulu wa anthu a HRDC zinkadzaza misewu, koma masitolo a anthu osalakwa anathyoledwa, ena mpaka lero sanadzukenso. Ku Msundwe wapolisi anaphedwa ndi miyala, ndipo pambuyo pake amayi ndi atsikana anachitidwa zamanyazi ndi apolisi, khoti n'kudzalamula kuti 18 mwa iwo apepesedwe. Zimenezo si za a Tipeksi. Ndi zathu.

Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Mike Tembo, analowa m'khoti ku Lilongwe asilikali akuwaperekeza. Chigamulo chinali cha masamba pafupifupi 500, ndipo anachiwerenga mosinthana kuyambira m'mawa mpaka mdima. Ine ndinasintha mabatire a wailesi kawiri. Nsima inazizira patebulo. Pomaliza anati chisankho cha pulezidenti chafafanizidwa, chichitikenso pasanathe masiku 150. Mu Africa muno zoterezi zinali zitachitikapo ku Kenya kokha, mu 2017. Taonani ukulu wake: a Tipeksi anangopaka timanambala, oweruza n'kupaka chisankho chonse. Mwana wa ng'ona salephera kusambira, koma apa ndi oweruza amene anatengera kwa kabotolo.

Mphatso yeniyeni inali mkati mwa chigamulocho. Kuyambira 1994 tinkalamulidwa kawirikawiri ndi munthu amene anthu ambiri sanamusankhe. Bakili Muluzi analowa ndi mavoti 47 pa 100. Bingu mu 2004 analowa ndi pafupifupi 36, mng'ono wake Peter mu 2014 chimodzimodzi. Munthu ankangofunika kukokera chigawo chake ndi maboma awiri atatu oyandikana nawo, basi nyumba ya boma ndi yake, enafe tizingoombera m'manja. Mu 2000, pa mlandu wa Gwanda Chakuamba, khoti lalikulu linali litanena kuti kuposa anzako n'kokwanira. Akatswiri a malamulo analangiza kuti tisinthe, mabungwe a mipingo anakuwa, koma mu Disembala 2017 aphungu anakana lamulo la 50+1 m'nyumba ya malamulo. Zimene analephera aphungu 193, ndi malipiro awo, ndi galimoto zawo, kanazitheketsa kabotolo kotsika mtengo kuposa nkhuku. Oweruza anati mawu a ndime 80 ya malamulo aakulu a dziko amatanthauza kuposa theka la mavoti onse, ndipo pa 8 Meyi khoti la apilo linavomereza. Kuyambira pamenepo wofuna upulezidenti ayenera kukagogoda ngakhale kwa anthu amene sadya nawo.

Pa 23 Juni 2020 tinavotanso, Chakwera ndi Chilima ali pamodzi mu mgwirizano wa Tonse, n'kupambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100. Oweruza aja analandira mphotho ya Chatham House ya ku London. Magazini ya The Economist inatcha Malawi dziko la chaka. Pa zikondwerero zonsezo palibe anatchula a Tipeksi mwaulemu. Dzina lawo linasanduka chitonzo, lotukwanira. Iwo osadandaula.

Ine ndikayang'ana chala changa chopakidwa inki, ndimaona kuti ndife amodzi ndi iwo. Voti yanga sinalembepo chinthu chatsopano. Ntchito yake ndi kuphimba. Mu 1994 ndinapaka pa Kamuzu, mu 2014 dziko linapaka pa Joyce Banda ndi nkhani ya Cashgate, mu 2020 tinapaka mokhuthala ndithu. Koma tinaiwala phunziro la ku ofesi lija, tinalemba pasanaume: ntchito 1 miliyoni, feteleza wa K4,495, kudya katatu pa tsiku. Zilembo zinamira. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 mu Novembala 2023. Namondwe Freddy anakokolola midzi, Chilima anatisiya pa ngozi ya ndege ku Chikangawa, ndipo ine ndinagonapo m'galimoto la mlamu wanga pamzere wa petulo, tikusinthana kulondera chigubu.

Ndiye pa 16 Seputembala 2025 tinapitanso ku sukulu ija. Tipeksi wakale akauma kwambiri amasweka, ukamukanda ndi chikhadabo amagwa ngati nkhanambo. Amalawi anakanda. Pansi pake panatuluka dzina lomwe lija, Peter Mutharika, ulendo uno ndi mavoti oposa 56 pa 100, ndipo pambali pake, ngati wachiwiri kwa pulezidenti, Jane Ansah. Chakwera anavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Musandifunse kumene ndinachonga, ngakhale mkazi wanga ndi mafunso ake a uloya sanandiulutse. Ndingoti lamulo limene linabadwa chifukwa cha chisankho cha a Mutharika chofafanizidwa chija ndi lomwelo limene linawabwezera pampando popanda wonena kuti alowera pazenera. Ndani wina angathe kutumikira mbali zonse chonchi, aliyense n'kupita kwawo atalandirako?

Choncho ndikupempha khonsolo ya mzinda wa Blantyre kuti ipeze kamalo pafupi ndi holo ya Comesa ku Chichiri, kumene zotsatira za 2019 zinalengezedwa, timangepo botolo loyera lotalika ngati nyumba yosanja, kaburashi kataloza kumwamba. Ndalama zake zisadetse nkhawa. Tikalemba mtengo wake m'bajeti n'kupezeka kuti kontilakitala waonjezera ziro, mwini chipilala adzakonza yekha.

Dzulo ndinafukula kabotolo kanga kakale m'sutikesi, kuti ndione ngati kakali moyo. Chivindikiro chinakana mpaka ndinachita kuluma ndi mano. Mkati mwauma gwa, kaburashi kaima ngati chitsotso. Ndadonthezamo timadzi pang'ono n'kukakhutchumula, ndipo pansi penipeni ndamva kakuyankha. Ndakaika m'kathumba kamodzi ndi chiphaso changa cha unzika, pamwamba pa kabati, pamene adzukulu safikira. 2030 si kutali.