Alamu, Filimu Imeneyi Ikuthawitsirani Makasitomala

Johannesburg, Ogasiti 2023

Okondedwa alamu,

Kuno kwazizira moti munthu akugona ndi jekete.

Munandituma kuti ndikaonere filimu yatsopano ya nkhondo ija, Oppenheimer, tione ngati ingayenere pa vidiyo sho yanu ya pa boda ku Mchinji. Ndapita, ndaonera, marandi anga apita. Alamu, ngati bizinesi yanu mumaikonda, musaiyandikire.

Ndi maola atatu athunthu. Ine ndinakhala pansi ndi mbuliwuli zanga, kudikira akasinja ndi ndege. Ola loyamba linatha azungu a masuti akulemba masamu pa bolodi, kusuta fodya, kenako kulembanso. Msilikali wamkulu alipo, Matt Damon, yunifolomu yochita kusita bwino, koma ntchito yake ndi kulalata mu ofesi. Msilikali wothamanga ndi mfuti kunkhondo simumuona. Einstein amene ana amamuphunzira kusukulu uja akungoyendayenda m'mbali mwa dziwe, mphepo nkumuulutsira chipewa. Ndinaganiza kuti mwina ndewu iyambira pamenepo. Ayi, anangomutolera.

Nkhani yake ndi ya anthu amene anapanga bomba la atomiki m'chipululu cha Los Alamos ku Amereka, lomwe analiyesa pa 16 Julayi 1945 asanakaphulitse Hiroshima ndi Nagasaki. Yureniyamu wambiri wa ntchito imeneyi anakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Congo, mbali ya Katanga uko kumene madalaivala ena odya chipisi pa chiwaya cha pakhomo panu amakudziwa bwino. Koma okumba aja simuwaona. Mungoona azungu akuponya timabo m'mbale yagalasi kuwerengera kuti wakwana bwanji.

Tsono bomba lenilenilo, limene tonse tinalipirira. Anawerenga chobwerera mmbuyo, ine nkugwira mpando. Moto uja kuti lawi! Phokoso? Zii. Ndinayang'ana kumbuyo kuganiza kuti sipika yapsa. Phokoso linabwera mochedwa dala, pamene ndinali nditamasuka kale, mbuliwuli zonse nkumwazikira mayi wa kutsogolo kwanga. Akuti ndi mmene zimakhalira, kuwala kumafika msanga kuposa phokoso. Kawafotokozereni zimenezo anyamata a kabaza atalipira kale pakhomo, muone ngati mabenchi anu atsale.

Ndinanyamuka kuti basi yatha, koma kunatsala pafupifupi ola lina. Apa ndiye mlandu wokhawokha, ngati pabwalo la a nyakwawa pamene akukangana za malire a munda: uyu akuti munali chikomyunizimu, uyo akuti munacheza ndi wakutiwakuti mu chaka chakuti. Zina nkuzionetsa zakuda ndi zoyera, makasitomala anu adzati TV yafa. Ndinapemphera kuti magetsi azime, popeza chaka chino kuno akuzima tsiku ndi tsiku, koma nyumba ya kanemayo ili ndi jenereta yamphamvu. A chipinda chinacho, ovala pinki amene ankaonera Barbie, anatuluka kalekale akuseka.

Ndamumvera chisoni DJ wanu womasulira uja. Pa Rambo amangokuwa kuti wafa wina, wafanso wina, anthu nkumaombera m'manja. Apa adzamasulira chiyani, fizikisi? Komanso muli malo ena amene anthu savala, ndipo inu ndinu mkulu wa mpingo.

Ndakuikirani Commando ya 1985 pa fulashi, ola limodzi ndi theka, Schwarzenegger akunyamula chipika paphewa filimu isanafike patali. Imeneyo mutha kuionetsa kawiri pa nthawi ya Oppenheimer mmodzi, ndalama nkulowanso kawiri. Ibwera ndi mnyamata wa kwa Mkanda amene akukwera basi Lachisanu, pamodzi ndi bulangete la amayi. Ndalama ya feteleza idikire kumapeto kwa mwezi, chifukwa ina yadyedwa ndi bomba lija.

Ine mlamu wanu wa ku Joni.