Ichi Chidzafunika, Ichi Chidzafunika

Makolo athu anamuonera patali pusi. Ali m'mwamba mumtengo wa masuku, dzanja lina lagwira tsuku lakupsa, diso lili kale pa lina la nthambi yachiwiri, mtima uli pa lachitatu. Mapeto ake tonse tikuwadziwa: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Masiku ano mitengo yambiri inapita ku makala ndipo apusi anathawira kumapiri, koma mwambiwo sunasowe pogona. Unasamukira m'galimoto za amisiri, n'kungosintha mawu pang'ono. Mmisiri sanena kuti ichi chakoma. Amati ichi chidzafunika.

Tisayambe ndi kumuseka, munthuyu wachokera kutali. Kwa zaka zambiri pulambala kapena wamagetsi ankayenda ndi chikwama chodzaza masipanala pakeriyala ya njinga, makwerero paphewa. Akakwera minibasi, kondakitala ankalipiritsa mpando wa munthu ndi mpando wa paipi. Ndiye ntchito ina yaikulu ikamulipira bwino, maloto ake ndi amodzi: kuitanitsa galimoto ku Japan. Imatsika sitima pa Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe, n'kukwera Chiweta ili yopanda kanthu, yopepuka, yosadziwa chimene chikuidikira kutsogolo. Ikhale Probox, Vanette, Bongo kapena Hiace, chiwongolero chili kumanja, poti ku Japan nako amayenda kumanzere kwa msewu. Zina zimabwera ndi mayi wina wosaoneka amene amalankhula Chijapanizi mukangoliza injini. Akumadandaula kuti m'kamakina kolipirira misewu ya kwawo mulibe khadi, koma mwini galimoto amangoyankha kuti, "Tadzuka bwino, kaya inu mayi."

A Toyota anayamba kupanga Probox mu 2002, ndipo anapangira anthu a ntchito zotere: mpando wakumbuyo umapindika, pansi pamakhala see. Pachitseko chakumbuyo pamakhala timalemba ta Chijapanizi, ndi nambala imene aliyense angathe kuwerenga: 400kg. Amenewo ndi matumba asanu ndi atatu a simenti. Tigalimoto ting'onoting'ono ta Suzuki Every ndi Hijet, ta injini ya 660cc, pamalembedwa 350kg. Amene analemba nambalayo ankanena malire. Mmisiri wathu amaiwerenga monga mtengo wa kaunjika pamsika: pamenepo ndi poyambira kukambirana.

Sabata yoyamba imathera pa kuiveka galimotoyo. Ulendo woyamba ndi wa kwa owotcherera, ku Ndirande kapena ku Biwi, kuti aikhomere keriyala padenga ndi tizitsulo m'mawindo, poti gilayinda ili ndi miyendo. Kenako kwa kalipentala ku Mchesi, amene dzulo amakhoma bokosi la maliro, lero akukhoma mashelefu a pulaiwudi. Zitini za mkaka waufa zimafola pamzere, chilichonse ndi dzina lake: misomali ya mainchesi atatu, ya anayi, ya malata, mabawuti, manati. Hamala ili ndi msomali wake wopachikapo, sowo ili ndi pake. Mmisiri amaitana mnyamata wake n'kumulumbiritsa: "Iwe, muno si mwa agogo ako. Chinthu ukachotsa, ubwezere pomwe wachitenga."

Pusi amayamba kuonekera tsiku lolemba pachitseko. Munthu anaphunzira za mipope basi, koma wolemba zikwangwani akafunsa kuti, "Tilembe chani, bwana?" malo otsala pachitsekopo amamupweteka mtima. Zimatha ndi mapaipi, magetsi, matailosi, siling'i, sola, kukonza mijigo, ndi manambala awiri, ya TNM ndi ya Airtel. Ntchito iliyonse yolembedwapo ili ndi zida zake, ndipo zida zonsezo zikufuna kukwera nawo.

Tsono ntchito iliyonse imasiya zotsala. Kapaipi kotalika ngati chala, mpopi wakale wothyoka khutu, waya wopsa mbali imodzi, theka la tailosi, loko wopanda kiyi, kiyi wopanda loko, penti wouma m'chidebe cha malita 20 amene angosanduka mwala. Mwini nyumba akati, "Izi tikataye kudzala," mmisiri amalumpha: "Ayi ayi, mayi, musataye. Ichi chidzafunika." Pakatha miyezi itatu, m'chitini cha misomali ya malata muli mabatire akufa, risiti ya chaka chatha ndi mtedza. Mashelefu aja alipo ndithu, koma kuti muwaone muyambe mwatsitsa jenereta, poti magetsi sauza munthu nthawi yozimira.

Muone mmisiriyu atafika pakhomo pamene mpopi ukudontha. Vuto waliona m'kamphindi: pakufunika kathepi koyera kokulunga pamazinga a paipi. Amatsegula kumbuyo, mutu n'kulowa, miyendo yokha kunja. Kumatuluka makwerero, chigubu, wilibala wopanda tayala, nsapato imodzi ya jombo. Pabwalo pa eni ake padzaza ngati akusamuka. Mawu amachokera mkati: "Iwe, kathepi kaja unakaika pati?" Mnyamata amayankha mwaulemu wonse: "Munali nako ndinu, bwana." Amatumidwa pakabaza kukagula kena ku hadiweya. Madzulo akulongedza, timathepi tisanu timapezeka pansi pa mpando, tonse togwiritsidwa theka.

Pamsewu ndiye pamakhala zoonera. Paipi ya PVC imagulitsidwa yotalika mamita 6, pamene Probox imangopitirira pang'ono mamita 4. Yotsalayo imalendewera kumbuyo, yomangidwa ndi malegeni, kunsonga kwake kukupepeluka jumbo yofiira, kapena malaya a mnyamata uja ngati jumbo yasowa. Masipuling'i anagona kalekale, mphuno ya galimoto inaloza kumwamba, ndipo usiku nyali zake zimaunikira akadzidzi. Pachitunda imalira mokhetsa misozi, pahampu imakhula mimba. Wapolisi wapamsewu akaimika, amaizungulira kawiri, n'kufunsa mofatsa: "Madala, mukusamuka kapena mukupita kuntchito?" Mwini wake amadandaula kuti mafuta a masiku ano sachedwa kutha. Sakumbukira kuti theka la mafutawo likuyendetsa zitsulo zimene sanazigwirepo chiyambire chaka.

Ndipo galimoto ya mmisiri si ya mmisiri yekha. Loweruka kuli chinkhoswe, kumudzi kuli chimanga chodikira, usiku kuli wodwala woti athamangire naye kuchipatala. Apongozi amakhala pabokosi la zida, chitenje chatsopano chikupsompsonana ndi girisi. Pofika kunyumba mayi amayankhula motsitsa mawu, amene ndi oopsa kuposa okweza: "Bambo, kodi tinagula galimoto kapena dzala loyenda?"

Komabe tinene chilungamo, mmisiriyu si wopusa. Zinthu zambiri za m'hadiweya zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inathawa osatsanzika. Kampopi kakale kamene tikukaseka kamapulumutsa gogo amene sangakwanitse katsopano. Nyumba zambiri zikumangidwa kunja kwa tauni, kumene kuiwala kabawuti kamodzi ndi kutaya theka la tsiku. Mafuta akasowa, munthu wagona pamzere usiku wonse sangawawotche pobwerera kukatenga sikuludiraiva. M'dziko lotere kusunga ndi nzeru, ndipo amene amataya msanga amagula kawiri.

Apa mpofunika kumumvetsa bwino pusi uja. Sanagwe chifukwa chokonda masuku. Pusi aliyense amawakonda. Anagwa chifukwa manja onse anadzaza, n'kusowa logwirira nthambi. Nthambi ya mmisiri ndi kudziwa pamene chinthu chili, ndi kulemekeza nambala ili pachitseko. Amisiri ena anazindikira zimenezi, ndipo mudzawadziwa pongotsegula chitseko: zolemera zili pansi, pakati pa matayala, za tsiku ndi tsiku zili pakhomo pofikira dzanja, zimene zidzafunike mwina chaka chamawa zili kunyumba m'kashedi, zikudikira tsiku lake popanda kumwa petulo. Galimoto zawo zimapita kukayesedwa ku COF osapemphera, ndipo ntchito ya ola limodzi imatha ola limodzi. Chinthu chimene muli nacho koma simungachipeze, chilibe kusiyana ndi chimene mulibe, kupatula kuti ichi chikulemera.

Enawo nawo amalapa, kamodzi pachaka, kawirikawiri tayala likaphulika ndipo jeke wapezeka pansi pa zonse. Lamlungu masana mmisiri amatsitsa katundu yense pabwalo, nkhope ili gwaa, n'kuyamba kuweruza: ichi chikhale, ichi chipite. Mulu wopita kudzala umakula, mayi akuonerera pakhonde mosakhulupirira. Galimoto imadzuka, mphuno n'kubwerera pansi. Koma Lolemba m'mawa pansi pa mpando pakumveka gobedegobede. Mnyamata uja wadzuka m'bandakucha, wapita kudzala, watola mpopi wothyoka khutu ndi loko wopanda kiyi.

"Nanga izi zabweranso bwanji?"

"Ndimati mwina zidzafunika, bwana."

Mmisiri amamuyang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu monyadira. Mwanayu ntchito waidziwa.