Tsobola wakale ku Chembe

Magetsi akangozima kwathu ku Ndirande, ana anga amadziwa kuti ulaliki wayamba: "Ife kale moto tinkapeka ndi timitengo, nsomba tinkagwira ndi manja, bwato tinkapalasa tili mtulo." Sindinkadziwa kuti mzime wanga akusunga mawu onsewa ngati munthu wa katapila. Sukulu zitatsekera, mayi a kunyumba anangoti, "Bambo a ana, tiyeni ku Mangochi mukawaonetse anawa zimene mumawauza zija." Ndinavomera mokweza, mawondo akugundana.

Pa boma zinayamba bwino. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ndinawaonetsa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ndi mfuti ya sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli. Ndinaonjezanso kuti tauniyi kale inali Fort Johnston. Ana anandiyang'ana mwaulemu, osadziwa kuti dzulo lake ndinachezera pa foni kuloweza zonsezi.

Tisanafike ku Monkey Bay tinakhotera ku Cape Maclear, msewu wa m'mapiri umene anyani amakhala m'mbali ngati apolisi apamsewu. Kumeneko ndi ku Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba zake, monga timbuna tamawangamawanga tija. Mnyamata wotiperekeza, woti ndingam'bereke, anationetsa Mwala wa Mphini ndi manda a amishoni a Livingstonia omwe anafika mu 1875, malungo n'kuwasamutsira ku Bandawe mu 1881. Ndinangogwedeza mutu ngati ndinawanyamulira katundu.

Tsoka linandipeza pagombe la Chembe. Mzime uja anakoka malaya a mnyamatayo: "Achimwene, ababa amatha kupalasa bwato." Bwato la kunyanja, abale, si benchi ya m'tchalitchi. Pakamwa pake m'popapatiza. Umalowetsa miyendo yokha, iwe n'kukhala pamwamba pa milomo yake. Ana a ku Chembe osavala n'komwe malaya amaliyendetsa akutafuna malambe. Ine ndinagwira nkhafi, kupalasa kumanja, bwato n'kuzungulira. Kupalasa kumanzere, n'kuzunguliranso. Kachitatu ndinangoona timbuna maso ndi maso. Amayi otsuka mbale m'mphepete anaseka mpaka poto mmodzi anatengedwa ndi mafunde.

M'thumba mwanga munali machesi a banja lonse, onse atanyowa, ndipo kampango wa nkhomaliro anali akudikira moto. "Palibe vuto," anatero mzime. "Ababa apeka." Apa n'kuti banja lina la azungu, lomwe linalipira ndege kuti lidzaone zoterezi, litatizungulira ndi makamera. Ndinagwada, kamtengo m'manja, n'kuyamba kupikitsa. Thukuta linatuluka. Matuza anatuluka. Mawu ena osayenera dikoni anatuluka. Utsi wokha ndi umene unakana. Gogo wina wosoka ukonde anatenga kamtengo kanga, kukanunkhiza, n'kuti, "Mwanangu, mtengo wauwisi uwu. Ngakhale mupeke mpaka Ilala ibwere, mungotenthetsa manja." Anatuma kamdzukulu kukapala moto kukhitchini, nkhani n'kuthera pomwepo. Safunsa anadya phula.

Madzulo tinapita pa boti la injini ku chilumba cha Thumbi. Mnyamata uja analiza likhweru, n'kuponya kansomba m'madzi. Nkhwazi inatsika pamtengo, kutola ndi zikhadabo, osanyowetsa ngakhale nthenga. Mayi a kunyumba anandiyang'ana, osanena kanthu. Pa zaka zonse za ukwati wathu sanandinyozepo mokweza chotero.

Usiku nyanja inadzaza timagetsi. Pofuna kubweza ulemu ndinati, "Ana inu, uko ndi ku Mozambique." Kamdzukulu ka gogo uja kanayankha kuti ndi nyali za asodzi, akukopa usipa kuti ulowe mu chilimira. Kamwana ka sitandade 3, abale.

Koma pobwerera m'basi ana sanakhudze foni. Wamkulu amafotokoza momwe amayanikira usipa pa thandala, mzime atakumbatira kamkeka ka mgwalangwa kamene anathandiza kuluka. Zimene ndinalephera kuwaphunzitsa ndi pakamwa pa zaka khumi, anthu a ku Chembe anawaphunzitsa ndi manja masiku awiri, ine ndikupereka chitsanzo cha mmene osachitira.

Tsono anzanga a m'tauni, tengani ana mupite nawo kunyanja. Si ya alendo akunja okha. Koma mukafika, khalani pansi nawo limodzi muphunzire, chifukwa tsobola wakale sawawa. Ndipo machesi asungitseni mayi.