Landilodi walakwa intaviyu

Mu 2007, anyamata awiri a ku San Francisco, Brian Chesky ndi Joe Gebbia, lendi itawakanika anayala matilesi opopa pabalaza n'kugonekapo alendo atatu olipira. Chaka chotsatira kunabadwa Airbnb. Mlembi wanuyu atamva mbiri imeneyi anati basi umphawi watsanzika. Ngati matilesi ampweya analemeretsa anthu, nanji boizi kota yake ya ku Chilomoni, yasimenti yeniyeni?

Koma alendo ogona masiku awiri atatu ndi chintchito: mameseji pakati pa usiku, zofunda zochapa, makiyi otayika. N'chifukwa chake kunabadwa anthu oyendetsera ena nyumba, amene amadulako gawo pa ndalama iliyonse yolowa, ambiri cha m'ma 20 peresenti. Si madobadoba aja oti akakupezera walendi n'kulandira yake, simudzaonananso. Awa mumakhala nawo mwezi ndi mwezi, ndiye sangotola aliyense.

Kasakidwe kawo n'kochenjera. Amafufuza pa Airbnb ndi Booking.com nyumba zabwino zojambulidwa moipa, chithunzi chamdima, mopu ili pakhomo, podziwa kuti mwini wake zamukulira. Amazonda zikwangwani za nyumba yalendi zimene zayamba dzimbiri pageti, amalowa m'magulu a Facebook ndi WhatsApp, amapalana ubwenzi ndi ogulitsa nyumba. Amene amamulakalaka kwambiri ndi Mmalawi wa ku Johannesburg kapena London yemwe anamanga ku Area 47 kapena ku Senga Bay, nyumba n'kumangogonamo mlonda ndi mileme.

Mlembi wanuyu palibe anamusaka. Anaimba yekha foni, mayunitsi ake omwe.

Kunabwera mtsikana wonyamula laputopu. Madala, mlembi wanuyu, anali atavala jekete ya ku tchalitchi, mafunso ali pakapepala, poganiza kuti bwana ndi iwo. Kapepalako sikanatuluke m'thumba.

"Bambo, mapepala a nyumbayi ali m'dzina la ndani?"

Ali m'dzina la malemu agogo, ndipo amalume awiri sanagwirizanebe. Mtsikanayo analemba. Magetsi akazima? Madala analoza kandulo pawindo. Madzi akasiya? Analoza chigubu. Nanga Wi-Fi? Anatulutsa foni n'kunena kuti bandulo ya sabata ilimo, mlendo akakhala waulemu angathe kugawana. Mtsikanayo anatsegula shawa, inangotsokomola. Anakhala pabedi, bedi linadandaula. Anafunsa kogona galimoto ya mlendo, pomwe msewu wake ngakhale wakabaza amakutsitsira kumtunda.

Si nkhanza ayi. Pa Airbnb, kuti munthu atchedwe Superhost amafunika mamalikisi osachepera 4.8 mwa 5, kuyankha mameseji 90 mwa 100 alionse, ndipo alendo obwezedwa atasungitsa kale malo asafike mmodzi pa 100. Shawa imodzi yotsokomola ingathe kuipitsa dzina limene mtsikanayo amadyera pa nyumba zina zonse. Kunja kulinso malamulo. Ku London, kuyambira 2015, nyumba yathunthu singabwerekedwe motere kupitirira masiku 90 pachaka popanda chilolezo, ndipo New York inayamba mu 2023 kukakamiza eni ake kulembetsa. Woyendetsa nyumba wanzeru amayamba wafunsa mapepala asanayamikire makatani.

Komabe zonsezi zimakonzeka ndi ndalama. Thanki imagulidwa, sola imaikidwa. Chimene amayeza kwenikweni ndi mwini nyumbayo: kodi akuyembekeza ndalama zingati, kodi mpope ukaphulika atulutsa yokonzera kapena azimitsa foni, kodi azidzasuzumira pawindo kuona ngati mlendo wazimitsa getsi? Pa mafunso atatuwa madala anayankha moona mtima, zomwe sizinawathandize.

Kenaka linabwera lomaliza.

"Bambo, mlendo walipira kale, ndiye achibale atulukira kuchokera kumudzi. Mutani?"

"Achemwali, apongozi anga agone pakhonde chifukwa cha munthu wa pa intaneti? Mlendoyo asendere, mphasa ilipo."

Laputopu inatsekedwa mwaulemu kwambiri. Mtsikanayo anathokoza chifukwa cha tiyi, nati adzaimba. Madala mpaka lero amachajitsa foni usiku uliwonse, ndipo mu boizi kota muja mukukhala mphwawo, amene salipira lendi.