Fodya wa Pachala, Mabuku a Pashelefu

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Amene anayambitsa mwambi umenewu ayenera kuti anali nkhalamba yofwenkha, ndipo ndikuganiza kuti anaunena atapsa mtima. Taganizani: wapemphetsa fodya, mnzake wamugogodera m'kabotolo monyinyirika, iye watsina, chala chanyamuka kulunjika kumphuno, mtunda wosakwana ndi mkono womwe, kenaka kamphepo kangoti kupe! Nkhalamba yatsala ndi chala choyera ndi mphuno yodikira.

Ofwenkha masiku ano achepa, moti mwambiwu ukanatha kupuma pantchito. Koma wapeza ganyu kwa ife osonkhanitsa mabuku, chifukwa palibe mtundu wa anthu umene uli ndi fodya wambiri pachala kuposa ife.

Musatinamize kuti timagula mabuku chifukwa chofuna kuwerenga basi. Kuwerenga n'kwina, kugula n'kwina, ndipo kugula kuli ndi kukoma kwakekwake. Munthu watuluka kukagula ndiwo ndi mayunitsi a magetsi. Pakhonde la sitolo ku Limbe kapena ku Lilongwe wapeza mnyamata wayala mabuku pasaka: mabuku a mayeso a Fomu 4, buku lophunzitsa kulemera m'masiku 30, magazini ya ulimi wa mbatata ya ku Canada, ndipo pansi pa zonsezo pakusuzumira kachikuto kofiirira ngati lalanje. Mtima umagunda pamenepo. Ameneyo ndi African Writers Series, mndandanda umene a Heinemann anauyamba mu 1962, nambala yake yoyamba ndi Things Fall Apart ya Chinua Achebe. Wosonkhanitsa weniweni saonetsa mano. Amayamba wagwira buku la mbatata lija, kulitembenuza, kufunsa mtengo, kudandaula, kenaka n'kuloza lalanje lija ndi chala chakuphazi: "Nanga kakale aka mukuti bwanji?" Mnyamatayo naye si mwana. Anaona kale maso anu pamene anagwera. "Aka bwana ndi kosowa. Dzulo lomweli kanafunsidwa ndi mzungu." Mzungu ameneyu amafunsa buku lililonse limene ine ndikufuna, ndipo nthawi zonse amabwera dzulo.

Ukafika nalo kunyumba umayamba walinunkhiza, pakuti buku lakale lili ndi fungo lake, la fumbi losakanikirana ndi nyumba za eni. Kutsogolo kuli chidindo cha laibulale ya sukulu ina ya ku Ohio, pansi pake dzina la mwana wa Fomu 2 ndi chenjezo kwa wakuba aliyense. Pakati mungapeze lisiti la chigayo, kapena kalata yachikondi imene sinatumizidwe. Zonsezi mwazipeza pamtengo wa mulu umodzi wa usipa, umene, kunena zoona, ndi umene munatumidwa.

Kusaka kokoma kwambiri ndi kwa mabuku athu omwe. Achebe sasowa; amasindikizidwa chaka ndi chaka. Koma tayesani kufuna Nthondo wa Samuel Josia Nthara, amene anatuluka mu 1933 n'kumasuliridwa m'Chingerezi ndi T. Cullen Young pa dzina loti Man of Africa. Funani Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe, Ntchito za Pakamwa wa E. J. Chadza, Njala Bwana wa Willie Zingani, kapena No Bride Price wa David Rubadiri wa 1967. Aliyense wa msinkhu wanga adzakuuzani kuti anali nalo. Palibe amene ali nalo. "Linali pompano," amatero, akuyang'ana pamwamba pa kabati pamene tsopano pali dikoda.

Ndiye pamabwera mlendo. Amakhala pampando, amayang'ana khoma la mabuku kuyambira pansi mpaka kudenga, n'kufunsa funso limene wosonkhanitsa aliyense amaliopa kuposa la landilodi: "Achimwene, onsewa munawerenga?" Umberto Eco, Mtaliyana amene analemba The Name of the Rose, anali ndi mabuku oposa 30,000 ndipo funso lomweli linkamutopetsa. Iye anali pulofesa, anali ndi mayankho anzeru. Ine ndikamati ndiyankhe, mayi a kunyumba amandithandiza kuchokera kukhitchini: "Awerenga chikuto, alamu. Zikuto zonse anamaliza."

Mphepo yotenga fodya wa pashelefu ili mitundumitundu, koma yaikulu imayenda ndi miyendo iwiri, imavala jekete ndipo imalonjera mwaulemu. Wobwereka buku sanena kuti ndipatseni. Amati, "Ndingoliona usiku uno, Lolemba ndibweretsa." Satchula kuti Lolemba la mwezi uti. Pakatha miyezi itatu mukafunsa, amadabwa kuti munthu wamkulu ngati inu mukukumbukirabe kabuku. Pakatha chaka amati analibwereketsa kwa msuweni wake wa ku Mchinji amene pano ali ku Johannesburg. Pakatha zaka zitatu mumalipeza pashelefu pake, dzina lanu litafutidwa ndi inki, ndipo amakuuzani mokoma mtima kuti ndi buku labwino kwambiri, mutalipeza mudzawerenge. Munthu yemweyo mutamukongoza K5,000 akanamazemba akakuonani pamsewu. Koma ngongole ya buku sachita nayo manyazi, chifukwa kwathu kuno kusabweza buku sikuwerengedwa m'gulu la machimo. Ndaonapo akuluampingo, anthu oti sangatole ndi ndalama yogwa pansi, ali ndi mashelefu odzaza ndi mayina a anzawo.

Mphepo zina n'zosalankhula. Chiswe chimalowa kuseri kwa shelefu mwakachetechete, ndipo chimawerenga kuchokera kumapeto kubwerera kutsogolo, osasankha mlembi. Denga lodontha limadikira Januwale. Makoswe amakonda guluu wa kumsana kwa buku. Mwana wotumidwa kukoleza mbaula amafuna pepala, ndipo pazifukwa zimene sayansi sinafotokoze, sang'amba buku la mbatata lija, amang'amba mutu womaliza wa buku limene munalisaka zaka zambiri. Ina ndi mphepo yosaseketsa n'komwe: mu Disembala 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Mzuzu University, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa usiku umodzi.

Achinyamata amatiseka. Amati zonsezi ndi mavuto a anthu achikale, iwo laibulale yawo ili m'thumba. Zoonadi, m'magulu a WhatsApp mabuku a PDF amagwa ngati matalala, ndipo aliyense amayankha ndi chala chachikulu, kuthokoza, n'kutsitsa. Ndani anatsegulapo? Amakhala m'foni momwemo mpaka tsiku limene foni yadandaula kuti malo atha, ndipo pakati pa Dostoevsky ndi vidiyo ya ukwati wa msuweni, tonse tikudziwa amene amafufutidwa. Ine buku langa losawerengedwa limandiyang'ana tsiku ndi tsiku n'kumandichititsa manyazi. Lawo alibe nalo ndi manyazi omwe. Ndipo matendawa si athu okha. Mu 2014 katswiri wa masamu wa ku America, Jordan Ellenberg, anachita kafukufuku wongoseweretsa: anayang'ana masamba amene owerenga pa Kindle amakonda kudula mizere, kuti aone pamene ambiri amalekezera. Buku la Thomas Piketty lonena za chuma, la masamba pafupifupi 700, limene chaka chimenecho aliyense ankalitchula, mizere yotchuka inathera patsamba 26.

Tsono pamphuno ndi pati? Taonani William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002, ankapita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale, kumene anapeza buku la ku America lotchedwa Using Energy. Silinali lake. Chingerezi chake chinali chomuvuta, moti ankadalira zithunzi. Koma ndi mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zotola kudzala anaimika makina opukusa magetsi pakhomo pa makolo ake. Ndi ndani mwini wake wa buku limenelo: laibulale imene inalidinda, kapena mnyamata amene analifwenkha mpaka babu kuyaka? Nkhalamba ija ikanayankha mosachedwa.

Apa ndi pamene pali nkhani ya mabuku ovuta. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi agogo ofwenkha akudziwa kuti fodya wosayetsemulitsa amanyozedwa. Wabwino ndi uja wotulutsa misozi, woti nkhalamba imapukusa mutu, kutukwana pang'ono, n'kutambasulanso dzanja. Mabuku ena ali choncho, ndipo mfumu yawo ndi Ulysses wa James Joyce, amene anatuluka ku Paris mu 1922. Nkhani yake yonse ndi ya tsiku limodzi, 16 Juni 1904, mumzinda wa Dublin. Masamba oposa 700, tsiku limodzi! Mitu iwiri yoyamba munthu umayenda bwinobwino n'kumadzitama. Mutu wachitatu mnyamata wina, Stephen Dedalus, akungoyenda m'mbali mwa nyanja akuganiza, ndipo Joyce amakulowetsa m'mutu mwake osakupatsa nyali: Chilatini, Chifalansa, Aristotle, galu wakufa, zonse mumphika umodzi. Pamenepo ndi pamanda a owerenga ambiri. Mukagula Ulysses wa kaunjika muone bwino: masamba 40 oyamba ndi akuda ndi zala, otsalawo ndi oyera ngati anatuluka dzulo kufakitale.

Koma amene wapirira n'kutembenuza tsamba amalandira mphoto. Mutu wachinayi mumalowa Leopold Bloom, bambo wamba wosaka zotsatsa malonda za m'nyuzipepala, akucheza ndi mphaka wake, akukazinga impso ya nkhumba n'kuipsereza, akupititsa tiyi kwa mkazi wake kuchipinda, akukonzekera kupita kumaliro. Pamaliropo maganizo ake amayendayenda monga amachitira athu tonse, kuchoka kwa malemu kupita ku ngongole, kubwerera kwa malemu, kupita ku chakudya. Ndi pamene umazindikira kuti bukuli n'loseketsa, ndi kuti palibe mlembi wina amene anakuuzapo zoona zotere za zimene zimachitika m'mutu mwa munthu wovala nkhope yachisoni. Mutu womaliza, wa mkazi wake Molly, ndi masamba makumimakumi opanda mpatuliro, ndipo pafupifupi opanda mpumiro. Ukauwerenga mokweza umafuna madzi akumwa. Ku America bukuli linali loletsedwa mpaka khoti linalimasula mu 1933, zimene zikusonyeza kuti kunali wina m'boma amene anawerenga kupyola tsamba 40.

War and Peace wa Tolstoy anthu amamuopa chifukwa cha unyinji wa anthu ake, oposa 500, aliyense ali ndi mayina atatu kapena anayi. Azungu amalemba mndandanda papepala kuti asasokonezeke. Ife sitiyenera kuvutika. Tinakulira m'midzi momwe munthu mmodzi ali ndi dzina la ubatizo, la kusukulu, la mfunda, la mwana wake woyamba ndi lina lomunena akachoka, ndipo sitinasocherepo. The Interpreters wa Wole Soyinka, wa 1965, amalumpha kuchoka lero kupita dzana pakati pa ndime osaimika dzanja. The House of Hunger wa Dambudzo Marechera, wa 1978, amaluma ngati tsabola wa kambuzi. Ndipo kuvuta kwina kuli ndi chifukwa chimene ife tikuchidziwa bwino. Ndakatulo za Jack Mapanje mu Of Chameleons and Gods, za 1981, n'zokhotakhota chifukwa zinalembedwa nthawi imene kulankhula molunjika kunali kudziitanira galimoto usiku. Ngakhale anakhotetsa choncho, mu 1987 anamutsekera ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991.

Alipo ochenjera amene apeza njira yachidule: manotsi, vidiyo ya mphindi zisanu pa YouTube, kapena kufunsa kompyuta kuti iwafotokozere Ulysses m'mizere khumi. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Fodya safwenkherana.

Komabe nkhalamba ija ndili nayo mlandu pang'ono, ndipo ndikanaipeza ndikanaiuza mwaulemu kuti: agogo, fodya mukafwenkha watha, koma buku mukaliwerenga likadali pomwepo, ndipo la pamphuno nalo limauluka. Ndifunseni lero za buku limene ndinalimaliza ndili mnyamata, ndikuuzani kuti munali mayi wina ndi sitima ya pamtunda. Lifunika kubwerezedwa, ndipo kuti libwerezedwe liyenera kukhala pashelefu. Chinanso, buku lovuta lili ndi nyengo yake. Limene linakukana uli ndi zaka 25 limadzakutsegulira chitseko uli ndi 50, utaikako anthu m'manda ndi kukongolako kubanki. Ndipo m'dziko limene buku likatha m'sitolo silisindikizidwanso, amene waliona pasaka n'kunena kuti ndidzagula mwezi ukatha ndiye wapereka fodya kumphepo. Mawa lidzakhala litakulunga zitumbuwa. Choncho tikamaunjika mabuku amene sitinawerenge, tikuwabisa kuti mphepo isawaone. Mfundo imeneyi ndaifotokoza kunyumba kangapo, makamaka pa tsiku la malipiro, ndipo sinavomerezedwebe.

Chotonthoza n'chakuti pa chuma chonse chimene munthu angasiye, mabuku okha ndi amene sadzetsa mkangano. Tsiku logawa katundu wa malemu, achibale ochokera kumudzi adzakokerana firiji, wailesi ya kanema, matiresi, ngakhale ndowa yobooka. Palibe malume amene adzaimirire n'kunena kuti Soyinka yekhayo ndiye asandidutse. Mkazi wamasiye adzamusiyira onse, ndi madalitso pamwamba. Adzangowatsitsa bwinobwino, kuwaunjika pakona, n'kunyamula shelefu, chifukwa ndi ya mlombwa.